Kolawa Madzi

Magetsi athawa kachiwiri usiku uno.
Labu yonse yatsala ndi maso awiri:
kanyali kobiriwira ka batire
ndi nkhope ya Tsungai yowala ndi foni.
Akuti dikira, abwera ikamakwana teni.
Iye amakhulupirira ndandanda. Ine ayi.

Patebulo pali chimene ndakhala ndikulera
miyezi isanu ndi iwiri:
kabokosi kochepa ngati ka machesi,
mawaya anayi, lilime la mkuwa,
ndi kaubongo kamene ndinagula kwa mnyamata wa ku Gulf
amene analumbira pali amake kuti n'katsopano.
Ntchito yake ndi imodzi basi:
kulawa madzi munthu asanalawe.

M'kalasi amatiuza zikuluzikulu.
A Mupfumira, choko chili mbuu m'zala,
amanena za makina ophunzira okha,
za tindege topanda woyendetsa topopera minda ya fodya,
za miyala ya ku Bikita imene ikaoloka nyanja
imabwerako ili batire, itaiwala kwawo.
Timalemba. Ena akulota kale Joni, ena Ulaya.
Inenso ndimalemba,
koma m'mutu mwanga muli mjigo wa ku Budiriro,
mzere wa zigubu zachikasu tambala asanalire,
ndi Sungeni, mng'ono wanga,
akupendama ndi chake pamutu.

Madziwo anali oyera. Ndibwereze: anali oyera,
oti n'kuona khobidi pansi pa ndowa.
Masiku atatu okha.
Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi
ndi dzino logwedera limene ankakana kulizula.
Anapita nalo.

Bambo amasadza mipanda ya maluwa ku Mount Pleasant,
misewu iwiri kuchokera pageti la yunivesite.
Atate awo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza
ndi khasu lopanda mpini.
Masana ena timadya limodzi buledi pansi pa jakaranda,
iwo n'kukatembenuza kabokosi kanga m'manja osweka
ngati mwanapiye wodwala.
Kodi kameneka kadzakupatsa ntchito?
Sindidziwa, bambo.
Nanga kamadziwa chiyani?

Zoona zake, kamadziwa zochepa.
Fisi sikamuona, kamangoona mapazi ake:
litsiro losaoneka, mchere wosayenera,
mankhwala amene aphwa m'paipi asanafike kwa anthu.
Sabata yatha kananama pamaso pa kalasi yonse.
Ndinakamiza m'madzi a mu Mukuvisi,
akuda bii, onunkha fakitale,
iko n'kunena kuti imwani.
Anaseka mpaka kugwira m'nthiti.
A Mupfumira sanaseke.
Anangoti waya wachitatu, mwana iwe, wamuotcha molakwika,
kenako n'kundisiyira kiyi.

Ndiye ndili pano,
utsi wa mtovu m'mphuno,
chala chamkombaphala chili ndi thuza latsopano.
Kombi yomaliza inapita kalekale.
Teni yakwana, yadutsa.
Tsungai wagona pa buku lake la masamu.

Wani koloko, mababu aphethira, ayaka.
Firiji yayamba kung'ung'udza pakona.
Ndatsegula botolo limene amayi ananditungira m'mawa
pamjigo womwe uja,
ndamiza lilime la mkuwa,
ndawerenga chamumtima mpaka makumi atatu.

Foni yanga yanjenjemera.
Uthenga ndi liwu limodzi.

Tsungai wadzuka, wasuzumira, wayasamula:
walakwitsa kalembedwe, akutero,
kuno timati Musanwa.
Ndikudziwa, ndamuyankha.
Mawa ndiika la Chishona, la aliyense.
Ili ndi la kunyumba.

Musamwe.

Kwinakwake kumwera kwa mzinda,
pawindo la chipinda chimene tinkagona awiri,
kafoni kakale ka amayi kalira nawonso.
Ndikudziwa sadzuka msanga.
Ndikuimba mpaka ayankhe,
chigubu chisanatsegulidwe,
ketulo isanafike pamoto
ndi kuphulidwa asanawire
chifukwa makala adula.