Phingo ku Hull

Chipinda cha nambala 14, kumapeto kwa khonde,
ndi cha Bambo Pickersgill.
Ndimawasambitsa Lachiwiri ndi Lachisanu,
tiyi wawo ndi wa masupuni awiri a shuga,
ndipo dzina langa amaliphonya tsiku lililonse,
koma amaliphonya mwanthetemya:
Ti-yaa-nja-ne, ngati munthu wotsika masitepe akuvina.

Kunsi kwa bedi kuli kabokosi kosupuka m'makona.
M'menemo mwagona kalarineti, zidutswa zisanu,
chilichonse pamphasa yake yofiira.

Anabadwira ku Hessle Road, komwe fungo la nsomba
linkalowa mpaka m'mabuku a nyimbo a kutchalitchi.
Bambo awo anapita kunyanja ya madzi oundana;
kunabwera kalata, munthu ayi.
Ali ndi zaka khumi ndi zinayi
anawombola chitoliro ichi pasitolo ya pinyolo
ndi ndalama zosenza ayezi padoko.
Amayi awo anati, kalizire kuchimbudzi chakunja,
muno khanda lagona.
Sukulu yawo yoyamba inali imeneyo,
mpando umodzi, chitseko chopanda loko, chisanu cha Januwale.

Kenaka London. Zipinda zapansi pa nthaka ku Soho,
utsi wa fodya wochita kuudula ndi mpeni,
jazi mpaka mbandakucha,
malipiro ake mowa ndi buledi wa dzulo.
Kenaka kagalimoto ka anthu asanu ndi mmodzi, ng'oma padenga,
Doncaster, Carlisle, Aberdeen,
iwo kumbuyo, bondo lili tebulo,
akulemba nyimbo kuseri kwa malisiti a petulo.
Chimbale chawo chimodzi chinalira pawailesi miyezi itatu.
Chinagula makatani ndi mphete ya Glenys.

Ndiye kunatulukira anyamata a magitala amagetsi,
maholo n'kutembenuka nkhope usiku umodzi.
Iwo anakwera sitima ya ku Rotterdam
kukaimbira anthu ogwira mimba ndi mafunde,
kupita, kubwera, zaka khumi ndi chimodzi.
Masana kuphunzitsa ana a eni kuti asalume bango.
Usiku, Glenys atagona, ankaluka nyimbo yaitali ya zigawo zinayi
ya sitima zomwe sizinabwerere padoko.
Inaimbidwa kamodzi kokha, mvula ikugwa,
theka la mipando lopanda anthu.
Koma theka linalo linalira, amatero,
ndipo sanena zambiri.

Sitiroko inawalanda dzanja lamanzere.
Limakhala pamwendo ngati mlendo wosadziwa chinenero.

Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinatsegula kabokosiko.
Kuda kwake, kulemera kwake m'manja, ndinakudziwa.
Uyu ndi phingo, ndinatero.
Atsibweni anga ankasema yemweyu m'mbali mwa msewu ku Liwonde,
njovu zazing'ono zogulitsa kwa alendo,
nkhwangwa zinkabuntha, iwo n'kumatukwana.
Bambo Pickersgill anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa:
Ndiye ndi wakwanu?
Zaka makumi asanu ndi awiri ndikumupsompsona
osamufunsa kwawo.

Anandiuza kulumikiza zidutswazo, pang'onopang'ono, osapotokola.
Kabango anakanyowetsa okha ndi malovu.
Zala zanga zitatu pamabowo apamwamba,
lamanja lawo pansi, mpweya wawo.

Liwu loyamba linali la bakha wopondedwa.
Lachiwiri chimodzimodzi.
Lachitatu linatuluka lakuda, lofunda, lochokera pansi penipeni,
linadutsa pazala zanga ngati njuchi zili m'mphako,
ndipo ndinamva doko, ayezi, mwana ali m'chimbudzi chozizira,
ndinamvanso fumbi la Liwonde, lomwe iwo sanaliwonepo.

Amayi a m'chipinda 12 anagogoda khoma.
Belu linalira ku nambala 9.
Pita, anatero, mawa tiyambira pomwe talekera.
Ndili pakhomo anandiitananso.
Chala chako chapakati chimachedwa.