Nsatsi ya Kuseri kwa Bafa

Bondo linatupa Lachitatu,
nditakoka matumba atatu a makala pa njinga
kuchoka pa Chigwirizano mpaka ku Mchesi.
Pofika madzulo linali dzungu,
lotentha ngati chiwaya cha tchipisi,
buluku kukana kuvulika.

Ku Bwaila anati fupa lili bwino,
mankhwala atha, mukagule ku famase.
M'thumba munali ya lendi yokha,
yoperewera kale.

Amene anandiona ndikutsimphina ndi Nasibeko,
wogulitsa zitumbuwa khomo lachitatu.
Sanafunse zambiri.
Anazungulira kuseri kwa bafa la tonse
kumene madzi a sopo amadikha,
nabwera ndi masamba asanu a nsatsi,
otambalala ngati zikhatho za wopempha.

Anawaviika m'madzi owira mpaka anawolowa,
nandithowa.
Ndinakuwa, ana a eni nyumba n'kuseka pa zenera.
Iye anangoti, Lufeyo, khala phee,
ululu ndi mlendo, umafuna kuperekezedwa.
Tsamba lomaliza analimangirira ndi chidutswa cha chitenje
chokhala ndi theka la nkhope ya munthu wa kampeni.
Njere zake zokha, anatero, usadzayerekeze kulawa,
zija zimapha.

Mausiku anayi, m'nyumba mukununkha chiwisi.
Lachisanu lotsatira ndinapalasa mpaka ku Tsoka,
pang'onopang'ono, wopanda katundu,
ndikumvetsera bondo ngati mwana wongogona kumene.

Sindikudziwa chinandichiritsa n'chiyani,
tsamba, kutentha, kapena masiku aja ndinakhala pansi
kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Mitundu.
Kapena manja a Nasibeko, onunkhira chimanga ndi nthochi.

Mwezi watha a Kamchacha agulitsa poloti.
Mwini watsopano wabwera ndi chingwe ndi njerwa,
wati tchire ili limabisa njoka.
Mnyamata wake anatema kawiri basi.
Nasibeko anasamukira ku Kauma,
nambala yake inapita ndi foni imene anandibera m'depoti.

Koma mvula itagwa kawiri
ndaona pa dzala, pakati pa majumbo ndi mabatire akufa,
timasamba tiwiri tofiirira tatukula mutu.
Ndatizinga ndi njerwa zinayi
zomwe ndatola pa mulu wa mwini poloti usiku.
Bondo la kumanzere nalo layamba kudandaula.