Msewu wa Pansi pa Paraná

Aphunzitsi akakufunsa ntchito ya bambo ako, Nélida,
uwauze kuti ndimalambula msewu,
msewu umene palibe anaupondapo,
umene ngakhale ine mwini sindinauone ndi maso.

Uko kumtunda, kumapiri a Bolivia,
mvula imanyambita nthaka chaka ndi chaka.
Bermejo amasenza dothi lofiiralo
n'kulitula mwa Paraguay,
Paraguay n'kupatsira Paraná,
ndipo Paraná akafika kuno ku Rosario amakhala atatopa,
amangolitula pansi, khu,
pomwepo pamene sitima zamalonda zimafuna kudutsa.

Ndiye timabwera ife.
Sitima yathu si yojambulitsa nayo chithunzi:
dzimbiri mbali zonse, fungo la dizilo mpaka m'buledi.
Koma ili ndi chitamba chachitsulo
chimene timachitsitsa mpaka chikhudze pansi.
Pampu ikabangula, matope amakwera pamodzi ndi madzi
n'kugwera m'mimba mwa sitima.
Mchenga umakhazikika, madzi amasefukira kubwerera kwawo.
Mimba ikati tho timapatuka kutali ndi njira,
kutsegula zitseko zapansi,
kusanza zonse tadyazo.
Kenako kubwerera.
Kenako kubwereranso.

Eulogio Brítez ndiye khutu lathu.
Makina ake amaponya liwu m'madzi
n'kudikira kuti libwerere.
Likachedwa, Eulogio amamwa mate wake mwamtendere.
Likafulumira, amaika chikho pansi,
amatukwana mtsinje m'Chigwarani,
poti akuti Chisipanishi mtsinjewu sumva.

Sabata yatha kunaima chisitima cha soya,
kutalika ngati mabwalo awiri a mpira,
masiku atatu chili pa nangula,
chifukwa madzi anaperewera phazi limodzi.
Phazi limodzi lokha, mwanangu!
Koma phazi limenelo ndi mzere wa malole padoko,
madalaivala akugona pansi pa matayala,
ndi munthu wina wa tayi kutsidya la nyanja
akumenya tebulo, akuwerenga maola ngati ndalama.

Usiku wachitatu chitamba chinatsamwa.
Tinachikweza, tochi kukamwa, manja m'matope ozizira.
Tinazula unyolo wakale wonenepa ngati mkono wanga,
gudumu la njinga,
chigaza cha ng'ombe,
ndi kansapato kakumanzere ka mwana, kachikasu,
chingwe chake chili chomanga bwinobwino.
Palibe anayankhula.
Eulogio anakatsuka pampopi,
anakaika pawindo pafupi ndi kampasi.
Mwina kanangovuka m'bwato mwana akuseweretsa madzi.
Tinagwirizana zimenezo, mwina,
ndipo ndinaimba foni kunyumba pakati pa usiku
kungofuna kumva amayi ako akunena kuti wagona.

M'mamawa njira inatseguka.
Chisitimacho chinadutsa pakati pa nyali zoyandama,
yofiira uku, yobiriwira uko,
mwakachetechete ngati phiri lasamuka.
Pamwamba pake mnyamata wina ankayanika malaya.
Anatikwezera dzanja, ife tinakweza athu.
Sakudziwa kuti pansi pa mapazi ake,
pakati pa chitsulo ndi matope,
pali mpata wopapatiza umene tinaugula ndi tulo tathu.
Sizikusowa kuti adziwe.
Wadya buledi sayamika mphero.

Mafunde ake asanathe n'komwe kutigwedeza,
Eulogio anaika chikho pansi.
Liwu layambanso kubwerera msanga.

Ukadzakula udzandifunsa ngati sizitopetsa,
kukumba lero pamene unakumba dzana.
Zimatopetsa.
Koma mtsinjewu sutida, umangochita zake,
ife zathu,
ndipo pakati pa kuuma mutu kwake ndi kwathu
pamadutsa tirigu, chimanga, mafuta,
ndi nsapato zako zasukulu zija,
zimene ndikupempha uzimange zolimba.