Madontho Asanu ku Szeged

Usiku wa Januwale, mtsinje wa Tisza waundana m'mbali,
Piroska akadali pa bolodi, choko chamuyeretsa malaya.
Lamulo n'limodzi basi:
madontho awiri olumikizidwa ndi mzere
asavale mtundu umodzi.

Akakhala anayi mozungulira, mitundu iwiri ikwana,
wofiira, wobiriwira, wofiira, wobiriwira,
mpaka kubwerera poyambira popanda mkangano.
Asanu ayi.
Dontho lomaliza limapeza wofiira uku, wobiriwira uko,
n'kuima losavala, kudikira mtundu wachitatu.

Ndiye pali vuto lina: dontho lililonse libwere ndi mndandanda wake,
"ine ndimavala izi zokha."
Kale ankayesa kuti kusiyana zokonda kupeputsa ntchito.
Pena kumaikhwimitsa.

Foni yalira. Ndi Dezső, mlongo wake:
ukwati Loweruka, matebulo atatu,
azakhali a Etelka sakhala ndi amalume a Gyula,
amalumewo sapenyana ndi apongozi,
za bambo ndi mayi ukudziwa kale.

Piroska afufuta ngodya ya bolodi, ajambula abale,
mzere uliwonse chidani chakale.
Awerenga kawiri.
Pali anayi, aliyense wodana ndi atatu enawo.

"Dezső," akutero, "kabwereke tebulo lina."