Kadontho pa Mapu a Bogotá

Anandikwatula foni pakhomo la basi yofiira,
pa siteshoni ya Calle 57, mvula ikuwaza.
Nkhope sindinaione. Ndinaona dzanja lokha,
kenaka chitseko chikutsekeka pakati pa ine ndi dzanjalo.

Madzulo Maryuri anabwera ndi laputopu,
nakankhira pambali nsalu za pathebulo langa losokera,
nati, Bambo, khalani apa, tiisake.
Pa mapu panatuluka kadontho ka buluu
kakupuma ngati khanda lili m'tulo.
Kanatsika ndi msewu wa Caracas pang'onopang'ono,
kanakhota, kanakaima pakati pa tauni
kumene mafoni amawatumbula ngati nkhuku
n'kumawagulitsa chiwalo chiwalo.

Muli za kubanki umo, anatero mwana wanga,
muli chithunzi cha chiphaso chanu,
manambala a makasitomala ndi miyeso ya ziuno zawo.
Tifufute zonse tili pompano.
Batani lake linali lofiira, laling'ono
kuposa la pamalaya a mwana wa sukulu.
Ndasoka mabatani zaka makumi atatu ndi zinayi
koma ili linandilemera chala.

Chimene sindinamuuze ndi ichi:
muli mawu a mayi ako umo.

Nidia sankakonda kulemba, ankangolankhula.
Masekondi makumi anayi, Lachiwiri lina mu Epulo:
Efra, ugule anyezi ndi koriyanda,
osati kwa mayi wa pakona uja, zake n'zofota.
Ambulera wayisiyanso, munthu iwe.
Kenaka chifuwa, kenaka kuseka,
wailesi ikulengeza za mpira kumbuyo kwake.
Mu Juni tinamuika m'manda.
Ndinkati ndidzawasamutsira kwina mawuwo. Ndinkati mawa.

Ndinadina.
Kompyuta inafunsa, Mukutsimikiza?
Ndinadinanso.
Taonani ulemu wa makina, kufunsa kawiri konse.
Matenda aja sanandifunse n'kamodzi komwe.

Ndiye kadontho kanafota, kanasanduka kotuwa.
Foni yathimitsidwa, anawerenga Maryuri.
Lamulo lanu lidikira mpaka wina adzaiyatse.

Masiku atatu, tsono, Nidia anali moyo
m'dirowa ya munthu wosamudziwa,
mwina atakulungidwa m'pepala lonyezimira
kuti netiweki isamupeze,
ali pakati pa mafoni ena khumi
onyamula maukwati a eni, ngongole za eni,
mano oyamba a zidzukulu za eni.
Ine ndinkapinda mathalauza, singano pakamwa,
ndikupempherera ulesi wa mbava:
iiwale, ipite kumowa,
batire life, chaja isowe,
dirowa ikane kutseguka.
Ine ndemwe ndinatuma chikwanje
ndinali pamawondo kuti chisochere panjira.

Lachisanu, tambala wa aneba asanalire,
uthenga unalowa kwa Maryuri. Mawu amodzi: Zatheka.
Kwinakwake munthu anaiyatsa
naiona ikudzisambitsa m'manja mwake,
kamzere kakudzaza kuchoka kumanzere,
mpaka inadzuka mbee, yosadziwa dzina la aliyense,
ikupereka moni m'zinenero zambirimbiri.
Ndalama zanga zinapulumuka.
Ziuno za makasitomala zinapulumuka.
Maryuri anandipsompsona pachipumi, nati tapambana.

Loweruka ndinapita kumsika wa Paloquemao.
Anyezi ndinagula. Koriyanda ndinagula,
ndipo mayi wa pakona ndinamulambalala
ngakhale zake zinali zobiriwira kuposa za onse.
Mawu aja ndinkawabwereza chamumtima,
onse analipo, m'ndondomeko yake,
kufikira pa mathero pamene ndinaima chilili
pakati pa madengu a mbatatesi:
kodi chinayamba n'chifuwa, kapena kuseka?
Dzana lomweli ndinkadziwa.

Kunja mitambo inatsika kuchoka ku Monserrate.
Ndinapisa dzanja m'thumba la jekete, mwachizolowezi,
ndinapeza choko chosokera ndi tikiti yakale.
Madontho oyamba anandimenya padazi.
Ambulera inali kunyumba, kuseri kwa chitseko.