Kuwongola Gudumu

Bambo anandisiyira makiyi asanu ndi awiri,
buku la ngongole lonunkha girizi,
ndi antchito khumi ndi atatu
amene anandiona ndikukwawa pansi pa benchi,
ndikuluma chubu chakutha.
Lero amanditchula abwana,
koma mawuwo amatuluka ngati munga wa nsomba pakhosi.

Chipata unali mzinda wa njinga.
M'mawa kutsika ku Mchini, ku Navutika,
mabelu ankalira ngati mbalame m'munda wa mapira,
makala matumba anayi pakaliyala,
mayi wapakati atakhala cham'mbali kupita kusikelo.
Onsewo ankathera kwathu, kuseri kwa msika wa Kapata:
tcheni chaduka, limu yapindika, buleki yakana.

Kenaka zinabwera njinga zamoto.
Imodzi. Khumi. Tinaleka kuwerenga.
Anyamata amene tinkawamatira machubu pangongole
ankangotiimikira dzanja, n'kutisiyira utsi.
Juni wina tinakonza njinga mazana atatu,
Juni wotsatira makumi asanu ndi anayi.
Manambala sadziwa kuti uli pamaliro,
alibe manyazi.

Mausiku atatu, magetsi atathima,
ndinakhala ndi kope ndi tochi ya foni.
Ndinalemba mayina onse khumi ndi atatu,
pambali pa dzina lililonse ana ake,
ndipo pensulo inakana kudula aliyense.

Lolemba ndinawaitana tisanatsegule.
Ndinati: galimoto ya bambo ndagulitsa ku Katete.
Lekani ndi Zelipa apita ku Lusaka miyezi itatu
kukaphunzira matumbo a injini.
Akabwera aphunzitsa anayi, anayiwo aphunzitsa otsala.
Malipiro achepa mpaka mvula igwe,
kuyambira anga. Buku ili apa, aliyense aone.
Theka la shedi likhalabe la njinga zakapalasa,
mlimi wa ku Chadiza sanasiye kupalasa.

Zii.
Ntchentche inamveka pamalata.
A Shawa, zaka makumi atatu pabenchi imodzi,
anavula ovolosi, naipinda bwinobwino
ngati chovala cha womwalira.
"Mwana wa Daka, ine ndikalambe ndikununkha petulo?"
Anatuluka. Awiri anawatsata.
Ndinapita kuseri, ndinatsegula mpopi
kuti otsalawo asandimve.

Zina ndinalakwitsa.
Ndinaoda masipeya a mtundu wosayenda kuno,
mpaka lero ali pashelefu, amandiyang'ana.
Ndinalonjeza Novembala, zinatheka Malichi.
Zelipa anabwera ndi manja odziwa.
Lekani anatsalira ku Lusaka konko,
pamodzi ndi matayala awiri a galimoto ya bambo,
ndikawerengera bwino.

Tsiku lina la mitambo a Shawa anatulukira.
Osati kudzapepesa, ayi,
ati anaiwala sipanala yawo ya teni.
Anapeza Zelipa akulimbana ndi gudumu la njinga yamoto
lopindikira m'maenje a msewu wa ku Vubwi,
akukoka masipoko onse mbali imodzi.
"Iwe mwana, satero.
Manga iyi pang'ono, masula inzake,
zungulitsa, tchera khutu.
Ukakoka onse nthawi imodzi, limu ithyoka."
Anakoka chitini, nakhalapo.
Sipanala ija sanaitengebe.

Ine ndinali pakhomo, buku m'khwapa,
makutu akutentha ngati akunena ine.
Madzulo nditakhoma ndinatsegula kope la chaka chamawa.
Mwa mizere isanu ndinafufuta iwiri.
Wa nthambi ya ku Mwami ndinausiya.
Wa mabatire a sola ndinaulembanso,
koma ndi pensulo,
kuti mawa ndikaufunse kaye kubenchi.