Khutu Lamanzere

Mvula ya ku Osaka inali itawalowa kale m'nsapato
pamene a Kuwabara anakwera masitepe a sitolo yathu,
ambulera ikudontha, kakhadi konga chikhadabo
katakulungidwa m'mpango wa m'thumba.
Anayendetsa sitima yapansi panthaka zaka makumi atatu,
ndipo khutu lamanzere, anatero, linatsalira komweko.

Ndinawayalira tizipangizo tinayi pa nsalu yakuda.
Aka, ndinati, batire lake limatha masiku awiri osapempha moto.
Aka n'kopepuka, mudzaiwala kuti kali m'malaya.
Aka n'kolemera ngati theka la njerwa, kamafunda m'manja,
koma mahedifoni aakulu kamawakoka osachita wefuwefu.
Kachinayiko mtengo wake ndinangouloza ndi chala.

Za batire sanafunse.
Anafunsa kuti, kodi timeneti timataya chiyani?

Ndinalongosola monga ndimachitira ndi aliyense.
Pali mafayilo ofinyidwa, amene makina amawapeta
n'kuuluza zomwe aganiza kuti khutu silingamve,
mpweya wa woimba, kulira kwa mpando, mchira wa mawu akamazilala.
Anu a pakhadipa ndi athunthu, sanachotsedwe kanthu,
ndipo tonse tinayiti timawawerenga.
Makinawo, anatero, anawauza ndani zomwe ine sindimva?

Pakhadipo panali nyimbo imodzi yokha.
Mayi wina akuimba koto m'kachipinda,
nsambo zikulira mwaulesi ngati madontho a padenga.
Iwo ankangothamangira pa mphindi yachitatu,
kumvera pang'ono, kupukusa mutu, kutenga kachipangizo kena.
Kodula kaja sikanawathandize.
Kolemera kaja anakagwira nthawi yaitali, kenaka anakabweza.
Kuseri kwa kauntala a Nonomura, abwana anga,
anayang'ana wotchi kawiri.

Ndinapempha kuti ndimveko.
Pa mphindi yachitatu nsambo zimaima,
mayiyo amatsokomola, kuseka pang'ono,
n'kunena chapansipansi, Shigeharu, tatseka windo, kukuzizira.
Mawu onsewo ali kumanzere.
Tsiku lojambulalo anakhala mbali imeneyo.

Sindinanene kanthu.
Ndinatenga kopepuka kaja, kotsika mtengo kuposa tonse,
kokhala ndi mabatani enieni m'mbali,
ndinafufuza m'kati mwake mpaka ndinapeza
pomwe mbali ziwiri zimathiridwa m'khutu limodzi.
Ndinawaveka mahedifoni ndi manja anga.

Nsambo. Kachetechete. Chifuwa.
Dzanja lawo linanyamuka lokha pa kauntala
kupita kumene kukanakhala windo,
linaima m'malere, linabwerera.

Batani lobwezera m'mbuyo ndi liti?
Ndinawagwiritsa ndi chala chachikulu. Ili, lokhala ndi kachiphuphu.
M'thumba mulipeza osayang'ana.
Analidina kasanu ndi kawiri, ine ndikuwerenga mumtima,
pomwe kunja njinga zinkadutsa m'zithaphwi
ndipo mnyamata wina ankadikira kuti ayese kodula kaja.

Analipira ndi ndalama zamapepala zosalala bwino
zochokera mu envelopu ya ku banki.
Bokosi analikana. Chitsimikizo cha chaka anachipinda kanayi.
A Nonomura anandinong'oneza pambuyo pake
kuti munthu wotere ukanamugulitsa chachikulu, Chizuru,
ine ndinapukuta nsalu yakuda ija, ngakhale inalibe fumbi.

Usiku, pobwerera ku Tengachaya,
ndinaima pafupi ndi chitseko, foni ikundiimbira
nyimbo zofinyidwa zomwe ndakhala nazo kuyambira ku sekondale.
Sitima itakhota ndinavula khutu limodzi.
Njanji zinalira mokweza, chitsulo pa chitsulo,
phokoso lomwe linawadya a Kuwabara pang'onopang'ono.
Mayi wina pambali panga ankauza mwana wake za sokosi zonyowa.
Ndinamvera mpaka siteshoni yanga,
ndipo pang'ono ndikanaipitirira.